Wotchi Yomwe Inkagona

Chiso anatuluka m'sitolo ya Tapiwa kutauni ya Concession kombi, minibasi yomaliza, itapita kale. Ankatchajira laputopu kumeneko, poti kukomboni magetsi anali atazima masiku atatu. Kampani yomwe ankafunako ntchito inamupatsa mayeso ooneka ochepa: aike wotchi yowerenga mphindi pakamzere kam'munsi mwa pulogalamu yolembera, atumize kusanache. Wotchiyo inkayenda ndithu, koma akangotseka laputopu, nayonso inkagona. Akatsegula, inkayambira pomwe inalekera, yopanda ndi manyazi omwe.

Njira yachidule inkadutsa pamabani akale owotcheramo fodya, moyang'anana ndi manda a antchito. Atafika pamenepo anamva fungo la utsi wa nkhuni. Koma mabaniwo anasiya kusonkhedwa moto iye ali kupulayimale.

Mapazi kumbuyo... Anaima. Nawonso anaima.

"Maswera, mwana wa Masozi," anatero pomupatsa moni mkulu wina wovala ovolosi yodzaza mwaye. "Ukuyankhula wekha. Chavuta n'chiyani?"

Mantha ali ndi zochita zake. Chiso anafotokoza zonse mwaulemu, ngati ali kale pamaso pa abwana.

Mkuluyo anaseka chapansipansi. "Wotchi yako ikuwerenga mapazi. Wowerenga mapazi akasinza, wasokera. Ine posonkha moto sindinkawerenga. Ndinkalemba ndi khala pachitseko nthawi yomwe moto walowa. Ndikadzidzimuka, diso pachitseko, diso kuwotchi ya kapitawo, basi."

Chiso anadzimenya pachipumi. Kusunga nthawi yoyambira, n'kuichotsa pa nthawi ya tsopano! Masiku atatu akuvutika nazo, ndi digiri yake yonse...

"Sekuru, agogo, dzina lanu ndani?"

"Sebastiao. Fulumira, ine moto ukundidikira."

Chiso anawerama kuti awombe m'manja mothokoza. Podzuka, msewu wokhawokha. Utsi zii.

Anathamanga osacheuka.

Kunyumba anasintha mizere inayi ya pulogalamuyo, natseka laputopu, nawerenga mpaka makumi asanu, natsegula. Wotchi inali itayenda yokha mumdima, osataya ndi sekondi yomwe. Anatumiza.

Mayi ake, a Masozi, atamva kwa iye dzina la mkulu uja anayamba akhala pansi.

"A Sebastiao a ku Tete? Zaka makumi atatu m'mabani, osapsereza tsamba ndi limodzi lomwe. Tinawaika m'manda aja iwe uli giredi 3."

Kutacha Chiso anabwerera kumabani aja. Pachitseko panali malemba a khala, akuda bii, a dzulodzulo: 9:40. Nthawi yomwe iye anatuluka kwa Tapiwa.