Tiki ya Amake Keziya

Umphawi wa Lazalo unkadziwika komboni yonse, poti mwini wakeyo ankachita kuuimba m'nyimbo. Anachoka ku Dedza pa lole ya Ulere, yonyamula anthu okafuna ntchito, akadali mnyamata, ati akagwire zaka ziwiri zokha ku Halale agule njinga, koma imvi zinayamba kumupezera pa famu ya fodya kufupi ndi Wedza. Zinali zaka zija za Chitaganya. Anali ndi mkazi wake Lestina, mwana mmodzi wamkazi dzina lake Keziya, ndi banjo ya chigubu cha mafuta yomwe nsambo zake zinali mawaya a mabuleki a njinga. Chuma chake chinathera pomwepo.

Kuimba ankatha, tisamunamizire. Iye ndi anzake awiri, Bizwell wa ng'oma ndi Joze wa ku Tete yemwe ankakhwatcha babatoni, chibokosi chija cha nsambo imodzi, anasiya ntchito ya m'mabalani oumitsiramo fodya n'kuyamba kuyendayenda m'mafamu. Koma ulendo wake, abale! Anthu atatu njinga ziwiri, chibokosi pamutu. Akafika pa geti, kapitawo afune zitupa. Akalowa, agalu a mzungu awathamangitse. Akaimba Loweruka masana onse mpaka zala kutuluka matuza, eni komboni ankavina fumbi koboo, kenako n'kuwafupa chipanda cha mowa ndi kuwomba m'manja. Mawa lake ulendo, nsambo yaduka, tayala laphulika, m'mimba muli gwa!

Chomwe chinkamudya mtima Lazalo anali Laxon. Munthuyu mawu ake anali ngati a khwangwala, koma anali ndi lole, masuti ndi gitala ya m'sitolo. Tsiku lina ku Arcturus, Lazalo ali pakati pa nyimbo, lole ya Laxon inaliza hutala, ndipo anthu onse anathamangira komweko. Anatsala ndi nkhalamba imodzi yogontha ndi nkhuku.

"Bambo a Keziya," anatero Lestina mwamuna wake atabwerera kunyumba, "fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwererani ku balani, poso wa ufa ndi nyemba tizilandira ngati anzathu."

"Ndidzafe ndikununkha fodya wa mzungu? Laxon anabadwa ndi chiyani chomwe ine ndilibe?"

Sanadikire yankho. Sabata yomweyo anapalasa njinga mpaka ku Mutorashanga, komwe anamva kuti kuseri kwa milu ya miyala ya mgodi kumakhala mkulu wina wa ku Tete, Estevao, wodziwa zitsamba za chuma. Anamupeza dzuwa lili paliwombo, akusenda mbatata pakhomo.

"Wachedwa, woimba iwe," anatero Estevao osadzutsa mutu. "Ukufuna kuti anthu azikuvinira kapena azikufupa?"

"Zonse, bambo. Ndatopa n'kuimbira nkhuku."

"Zonse zili ndi mtengo wake. Mtima uli nawo?"

"Ndili nawo."

Mkuluyo analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi gitala yakuda. M'kati mwake, kuseri kwa bowo, munali mutamatidwa kansupa kovekedwa mikanda yofiira.

"Iyi imadya," anatero. "Paliponse pomwe waimba, ndalama yoyamba kufupidwa si yako. Uziiponya m'bowomu. Zotsatira zonse n'zako, ndipo zidzakulemera kunyamula."

"Basi?"

"Woponya ndalama yoyambayo ndiye kuti wavina komaliza. Miyendo yake izikhala m'nsupamu, izikukokera anthu."

Lazalo anafunsa kuti, "Amwalira?"

"Ndati miyendo. Kodi miyendo ya munthu wosamudziwa ikukhudza chiyani? Koma tamvetsa. Mwezi ukatha nsupa isanadye, imakadya kunyumba kwako, kuyambira wamng'ono. Kumeneko siitenga miyendo, imatenga mpweya. Ukaitaya kapena kuiotcha, n'chimodzimodzi."

Munthu wanzeru akanakwera njinga yake pomwepo. Koma Lazalo m'makutu mwake munkangolira hutala ya Laxon. Anatambasula manja onse awiri n'kulandira gitalayo.

Ha, zinthu zinasintha ngati kutembenuza chikhatho! Akangokhudza nsambo, ngakhale amayi apamtondo ankasiya misi n'kubwera akudumpha. Makapitawo omwe ankamuthira agalu anayamba kumutsegulira geti atavula zipewa. Chaka chisanathe anagula lole, masuti atatu ofanana ndi nsapato zolira poyenda. Laxon anazimiririka ngati mame. Kwa Lestina kunkapita mabulangete, shuga ndi makina osokera, koma mwini wake ankafikako mwa apo ndi apo, ndipo gitala ankaisiya m'lole.

Nkhani zinayamba kuwatsata pambuyo. Mukudziwa anthu a m'mafamu, tikiti ya ntchito ikatha amasamuka, ndipo pakamwa amapita napo. Ku Arcturus mtsikana wina wodziwa kuvina anadzuka miyendo ili lende ngati zingwe. Ku famu ina ya chimanga, woyendetsa thirakitala anayamba kukwawa. Kwina mayi wa ana anayi. Onsewo patangopita masiku atatu gulu la Lazalo litadutsa.

"Achimwene," anatero Bizwell tsiku lina akuthira madzi mu injini, "bwanji sitibwerera komwe tinaimbako kale? Ndipo ndalama yoyamba ija mumaiponyeranji m'gitala?"

"N'zamwayi chabe. Iwe imba ng'oma, suti wavalayo anakugulira ndi mafunso?"

Kuyambira tsiku limenelo Bizwell sankadyanso mbale imodzi ndi Lazalo.

Chaka chachitatu msewu unayamba kuwawa kuposa masiku a njinga. Mageti anayamba kutsekeka. "Mabulandaya a gitala yakuda? Pitirirani!" ankatero makapitawo achishona, ena atanyamula zibonga, poti anthu a kwawo kwa Lazalo ankawatcha Mabulandaya. Ankayenda mitunda yambirimbiri kufunafuna famu komwe mbiri yawo sinafike. Lazalo anaonda, tulo tinamuthawa, ankangowerenga masiku pa zala. Suti inali pathupi, koma mtima unali m'mwamba ngati wa mbava.

Kenako kunabwera mvula ya mu Febuluwale. Lole inatitimira m'matope masiku asanu ndi limodzi, itatuluka inathyoka chitsulo cha kumawilo, ndipo chitsulocho anachidikira milungu iwiri kuchokera ku tauni. Mafamu atatu otsatizana anawabweza pa geti. Nsupa inali isanadye chiyambire mweziwo. Akaika khutu pa gitala, Lazalo ankamva ngati muli chiwala chikukanda.

M'masiku omwewo uthenga unawapeza: Keziya akukwatiwa ndi mnyamata wa kwaya ku tchalitchi cha pa famu, Loweruka lomaliza la mweziwo, ndipo komboni yonse ikudikira kuti bambo wake adzaimbe. Lazalo anakhala pansi m'matope momwemo. Akapanda kuimba, mwezi utha ndipo nsupa ikatenga Keziya. Akaimba, woponya woyamba akhala munthu wa kwawo. Anatukwana mvula, anatukwana lole, anatukwana Estevao, koma mwini wake sanadzitukwane.

Anafika ku Wedza m'mawa wa tsiku la ukwatilo ali ndi nzeru yomwe ankaiona ngati yakuya. Pakhomo pa sitolo anapeza mlendo wogulitsa matemba, munthu wongodutsa wopanda mbale pa famupo. Anamukokera pambali.

"Bwanawe, ukuliona jekete ili? Ndi lako. Ndikangoyamba kuimba, uthamange uponye kandalama kako, ngakhale tiki chabe, usanapitiriridwe ndi wina aliyense."

"Jekete chifukwa cha tiki?" Mlendoyo anaseka mano onse pamtunda. "Inu Mabulandaya ndalama zinakupengetsani."

Atatuluka m'tchalitchi, anthu anasonkhana pa bwalo la komboni. Keziya anakhala pa mpando atavala zoyera, maso pansi monga amachitira akwati. Woyendetsa mwambo anali Lemani, mlongo wake wa Lestina, nkhoswe ya banjalo, munthu wosalola kuti mwambo upindike ngakhale pang'ono. Lazalo anakhwatcha nsambo, Bizwell ndi Joze analandira, bwalo lonse linagwedezeka. Wamatemba uja anadumpha, tiki ili m'manja.

Lemani anamugwira pa chifuwa. "Imani pomwepo, alendo! Kwanu mumatero? Paukwati mlendo satsegula kufupa. Ayambe wobereka, yemwe anamva kuwawa kwa mwanayu. Amake Keziya, bwalo ndi lanu!"

Nthungululu zinang'amba mlengalenga. Lestina anadzuka. Mayiyu anali asanavinepo nyimbo ya mwamuna wake chibwerere gitala ija, ndipo tsikuli anavina ngati mtsikana, akumasula mfundo ya pa mpango pomwe anamangapo tiki yake.

"Amake Keziya, musatero!" anakuwa Lazalo. "Bwererani! Ndalama yanu sindikuifuna!"

Anthu anafa nako kuseka. "Taonani, akuchita manyazi ndi akazi awo!" "Landirani, bambo, n'zanu zomwe!"

Akanatha kuimitsa nyimbo n'kuulula zonse pamaso pa anthu. Koma pamaso pa apongozi, akulu a mpingo ndi komboni yonse yomwe inkamutcha bwana? Anangopitiriza kukhwatcha nsambo. Lestina anafika, anamupukuta nkhope ndi mpango, n'kumata tikiyo pa chipumi chake chonyowa ndi thukuta.

"Lero mwandichotsa manyazi, bambo a Keziya," anamunong'oneza, n'kubwerera akuvina.

Lazalo anaichotsa tikiyo pa chipumi. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mwana wake pa mpando paja, anayang'ana dzuwa lomwe linali litapendeka. Kenako anaiponya m'bowo. M'gitala munangoti ngwee, ndipo kukanda kuja kunaleka.

Lachiwiri m'mawa Lestina anagwa pa njira ya ku chitsime, ndowa ili pamutu. Anamunyamula amayi anzake. Ku chipatala cha mishoni anamupima n'kusowa nthenda. Atabwera naye kunyumba anamukhazika pa mkeka pakhonde, miyendo ili tasa ngati si yake. Lazalo anapirira masiku awiri, lachitatu anagwada pambali pake n'kuulula zonse: za Estevao, za nsupa, za mtsikana wa ku Arcturus, za wamatemba.

"Ndinalibe pothawira, amake Keziya," anatero akulira. "Inali miyendo yanu kapena moyo wa mwana. Ndikanatani ine?"

Lestina sanalire. Anangomufunsa.

"Mwati nsupayo imadya aliyense woyamba kuponya?"

"Aliyense."

"Nanga inuyo, bambo a Keziya, m'thumba mwanu munalibe tiki? Miyendo inu mulibe?"

Funsolo linamulasa Lazalo. Zaka zitatu zonse, ndi masiku onse aja anakhala m'matope akusweka mutu, nzeru imeneyi inali isanamufikepo n'kamodzi komwe. Anasakasaka mlendo woti amulipirire, analola mkazi wake kumulipirira, koma thumba lake sanaliganizire.

"Tengani gitala yanu muzipita," anatero Lestina. "Keziya asamve, angadane ndi tsiku la ukwati wake."

Bizwell anali atamva zonse kuseri kwa nyumba. Iye ndi Joze anavula masuti n'kuwasiya pa lole, ndipo pofika madzulo panalibe famu ya kufupi yomwe sinamve. Loleyo inachitira dzimbiri pomwepo. Lazalo anayenda wapansi ndi gitala kumsana, ndipo aliyense womuona ankatseka chitseko. Mutu unayamba kusokonekera. Ankaimitsa anthu pa msewu n'kuwafunsa kuti, "M'thumba mwanu munalibe tiki?" kenako n'kudzimenya pa chifuwa.

Mwezi wotsatira utatsala tsiku limodzi, anthu odula mitengo anamuona atakhala pansi pa mtengo wa msasa m'mbali mwa msewu wa ku Wedza, akudziimbira yekha. Atamaliza nyimbo anapisa m'thumba, anaponya ndalama m'gitala, n'kudziwombera m'manja. Sanadzukenso pamalopo. Achifundo ankamuponyera chakudya ali chapatali, koma iye ankangoseka ndi kulira. Mwezi winawo usanathe anamupeza ataferatu, gitala ili pamiyendo. Palibe anafuna kuikhudza, anamukwirira nayo limodzi kunja kwa manda, ndipo nsupa inathera pomwepo, Keziya sinamukhudze. Lestina anakhala zaka khumi ndi ziwiri akunyamulidwa ndi mwana wake kupita padzuwa ndi kubwerera mumthunzi.

Ndiye inu amene mukuona mnzanu ali pa lole inu muli wapansi, dekhani. Chuma cha zitsamba sichibwera chaulere, pali wina amene amachilipira ndi thupi lake, ndipo wadyera amaloza aliyense kupatula iye mwini. Amayamba ndi anthu osawadziwa, amathera pa amene anamuphikira ndi kumuchapira. Bola kusauka uku abale ako akuyenda ndi miyendo yawo.