Litiana ndi Kanthambi Kofota

Litiana anali ndi mtengo wake. Unali wakewake. Iye ankafuna kuti mtengowo usamuke naye limodzi.

Kuno kwathu ku Fiji, mwana amakhala ndi mtengo wake. Mchombo wa khanda ukagwa, sitiutaya. Timaukwirira pansi. Pamwamba pake timadzalapo mtengo. Mwana amakula, mtengo nawonso umakula.

Mtengo wa Litiana unali senitoa, uja wa maluwa ofiira. Tata, bambo ake, ndiwo anaudzala kuseri kwa nyumba.

Koma nyanja inayamba mwano. Inkalowa m'mudzi popanda odi. Inalowa m'minda. Inalowa m'tchalitchi. Tsiku lina inalowa m'khitchini mwa Nana, mayi ake a Litiana, n'kuzimitsa moto.

Anthu anatopa nayo. Anamanga nyumba zatsopano paphiri. Mudzi wonse unayamba kusamuka.

"Tata, tizule mtengo wanga," anatero Litiana. "Tiunyamule."

Tata anauyang'ana mtengowo. Masamba ake anali achikasu. Duwa panalibe ndi limodzi lomwe.

"Wamwa madzi amchere, mwanangu," anatero Tata. "Ukudwala. Tikauzula, ufera m'njira."

Sakiusa, msuweni wake wa Litiana, anali pomwepo. Pakamwa pa Sakiusa sipankatsekeka.

"Wanga uli kale kuphiri, kumunda kwathu," anatero Sakiusa. "Iwe ukhala mwana wopanda mtengo. Uzingoyendayenda, kufunafuna mchombo wako!"

"Choka apa, mutu ngati kokonati!" anatero Litiana.

Anayankha mwamphamvu. Koma mumtima anachita mantha.

Nana anatenga mpeni. Anadula tinthambi titatu ta senitoa. Anasankha tomwe tinali tobiriwirako.

"Utidzale m'zitini," anatero Nana. "Tikamera mizu, tidzatiika pakhomo latsopano."

Atatero, Nana anapita kukamanga mikeka.

Litiana anapeza zitini zitatu. Tata anaziboola pansi ndi msomali. Chinatsala ndi dothi.

Litiana anaganiza. "Mchombo wanga uli m'dothi ili. Ndikatenga dothi, ndatenga mchombo."

Anagwada pansi pa mtengo wakale. Anakumba ndi chigoba cha kokonati. Anadzaza chitini choyamba. Anadzaza chachiwiri. Anadzaza chachitatu. Anadzalamo tinthambi tija. Sanauze munthu. Sanaone chifukwa chouzira munthu.

Zitini zinali zolemera. Phiri linali lalitali. Litiana anakwera, anapuma, anakweranso.

Paphiri, anaika zitini pakhonde. Pamenepo dzuwa linkawomba bwino.

M'mawa mwake masamba anali atafota.

"Muli ndi ludzu?" anafunsa Litiana. Anatithirira madzi.

Tsiku lotsatira masamba anafota kwambiri. Anangoti lende, kuyang'ana pansi.

"Imwani, imwani," anatero Litiana. Anatithiriranso madzi.

Koma kanthambi koyamba kanada. Kanauma. Kanafa.

Kachiwiri nako kanada. Kanauma. Kanafa.

Kanatsala kamodzi kokha. Nako kanali kofota. Litiana anali ndi chisoni chachikulu. Kamenekanso kakafa, mtengo wake watha.

Masana ena Sakiusa anabwera. Anasuzumira m'chitini.

"Wathiramo shuga?" anafunsa. "Mtengo wako umamwa tiyi?"

Litiana anayang'ana. Pamwamba pa dothi panali zoyera, zonga ufa. Anazikhudza ndi chala. Analawa.

"Thu!" analavula. "Si shuga. Ndi mchere!"

Anathamangira kwa Nana. Nana anali kupala kokonati. Anasiya, nabwera kudzaona.

"Dothi ili unalitenga kuti?" anafunsa Nana.

"Pansi pa mtengo wanga," anatero Litiana motsitsa mawu. "Muli mchombo wanga, Nana."

Nana sanakalipe. Anakhala pansi pambali pake.

"Ndamva, mwanangu," anatero Nana. "Koma nyanja inasiya mchere m'dothi ili. Kanthambika kali ndi ludzu. Dothi likukapatsa mchere."

"Ndiye tilichotse?"

"Dothi ndi lako. Kanthambi ndi kako. Koma ziwirizi sizingakhale m'chitini chimodzi."

Nana anabwerera ku kokonati wawo. Litiana anatsala yekha pakhonde.

Anayang'ana dothi. Anayang'ana kanthambi. Anayang'ananso dothi. Ankafuna zonse ziwiri. Ndani sakanafuna zonse ziwiri?

Anakhala nthawi yaitali. Chinangwa chake chinazizira m'mbale.

Kenako anaimirira. Anapita kwa Nana.

"Dothi silifa, Nana," anatero Litiana. "Koma kanthambi kangafe."

Nana anapukuta manja. "Tiye," anatero.

Litiana anazula kanthambi pang'onopang'ono. Kanalibe muzu ndi umodzi womwe. Kunsi kwake kunali koola. Nana anadula koolako. Litiana anakatsuka ndi madzi amvula a m'thanki.

Anatsukanso chitini. Dothi lakale analikhuthulira m'kadengu. Sanatayeko ngakhale pang'ono.

Kenako anakumba dothi la paphiri. Linali lakuda ndi lofewa. Analisakaniza ndi makoko a kokonati. Analawa kachidutswa kakang'ono.

"Lilibe mchere!" anatero.

"Basi, usamalize munda wonse," anatero Nana akuseka. "Tsopano thothola masamba. Usiye awiri okha."

"Masambanso?"

"Tsamba lililonse likufuna kumwa. Kanthambi kalibe mizu. Sikangamwetse onsewa."

Litiana sanakondwe. Komabe anathothola. Tsamba limodzi, lina, linanso. Anasiya awiri okha.

Sakiusa anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Umenewu ndi mtengo? Iyi ndi ndodo ya khoswe!"

Litiana anawerama. Misozi inalengeza m'maso mwake. Sakiusa anaiona. Anasiya kuseka, nachoka.

Posakhalitsa anabweranso. Anali akukoka tsamba lalikulu la kokonati. Anakhala pansi n'kuyamba kuluka. Analuka, analuka. Analuka kanyumba.

"Dzuwa likukapsereza," anatero Sakiusa. Anavindikira chitini ndi kanyumbako. "Sindikuthandiza iwe ayi. Ndikuthandiza ndodoyi."

"Zikomo, mutu wa kokonati," anatero Litiana.

M'kanyumbamo munali mthunzi. Mphepo inkalowa pang'ono. Kuwala kunkalowa pang'ono.

Loweruka nyanja itaphwa, Litiana ndi Tata anatsikira ku mudzi wakale. Litiana ananyamula kadengu ka dothi. Mtengo wakale unalibenso tsamba.

Litiana anagwada. Anabwezera dothi pomwe analikumba. Analisalaza ndi manja.

"Tsala bwino," anatero.

Analira. Tata sanamuletse. Anangomugwira paphewa. Kenako anakwera phiri, atagwirana manja.

Tsopano inayamba ntchito yovuta kuposa zonse. Ntchito yake inali kudikira.

M'mawa uliwonse Litiana ankavundukula kanyumba. Ankapisa chala m'dothi. Likakhala lonyowa, sankathirira. Likakhala louma, ankathirira pang'ono.

Tsamba limodzi linagwa. Patapita masiku, linalo linagwanso. Kanthambi kanatsala kopanda kanthu.

Litiana ankafuna kuona ngati mizu yamera. Dzanja linkamuyabwa. Linkapita lokha ku chitini.

"Litiana, manja!" anatero Nana ali m'khitchini.

Tsiku lina dzanja linapitanso.

"Litiana, manja!"

Nana ankaona bwanji ali m'khitchini? Palibe akudziwa. Amayi ndi otero.

"Ndingozula pang'ono, Nana. Ndibwezeretsa."

"Mizu yaing'ono ndi yanthete. Ukazula, iduka."

"Nanga ngati kafa?"

Nana anabwera. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, malo aang'ono kwambiri.

"Ukuona chiyani?"

"Zobiriwira."

"Ndiye kali moyo. Kakugwira ntchito pansi, komwe iwe sukuona."

Litiana anakhalira manja ake onse awiri, kuti asamuvutenso.

Anadikira. Mvula inagwa, inakata. Anadikira. Sukulu anatsekera, anatsegulira. Kanthambi kanangokhala chomwecho, zii.

Nthawi zina Litiana ankakalankhula.

"Usafulumire," ankatero. "Koma usachedwenso kwambiri."

Ndiye m'mawa wina anavundukula kanyumba. Anayang'ana. Anapukuta m'maso. Anayang'ananso.

Pa kanthambi panali kadontho kobiriwira. Kanali kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Nana! Tata! Kaphuka! Kaphuka!"

Nana anabwera ndi supuni m'manja. Tata anabwera ndi sopo kumaso. Sakiusa anadumpha mpanda.

Kadontho kaja kanasanduka tsamba. Kenako kunabwera lina. Kenako linanso. Masamba amenewa sanafote. Anaima njo, kuyang'ana kumwamba.

Tsiku lina Litiana ananyamula chitini. Anasuzumira kunsi. Pa zibowo za msomali panatuluka timizu toyera.

"Tsopano kakufuna malo aakulu," anatero Tata.

Dzuwa litapendeka, Tata anakumba dzenje pafupi ndi khomo. Litiana anaima m'mbali, chitini chili m'manja. Anayang'ana m'dzenjemo. Nkhope yake inagwa.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Tata.

"M'dzenjemu mulibe kanthu kanga," anatero Litiana. "Mchombo unatsala kumunsi."

Tata anasiya kukumba.

Sakiusa anali kudya nzimbe. Anathyola mfundo imodzi.

"Eko, tafuna," anatero. "Nkhope yakoyo ikuopseza nkhuku."

Litiana analandira. Analuma mwaukali.

"Mayo!"

Anagwira pakamwa. Kenako anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali dzino. Linali dzino lakutsogolo, lomwe linkagwedera.

Litiana anayang'ana dzino. Anayang'ana dzenje.

"Tata," anatero, "ilinso ndi langa, eti?"

Tata anamwetulira. "Ndi lako ndithu. Palibe angalikane."

Litiana anagwada. Anaika dzino pansi pa dzenje. Anathirapo dothi pang'ono. Tata anang'amba chitini mosamala, kuti mizu isaduke. Nana anaimika kamtengo. Onse anakwirira ndi manja.

"Samalani," anatero Sakiusa. "Mtengo uwu uziluma!"

Tata anaseka. Nana anaseka. Litiana anaseka kuposa onse, mpata uli poyera m'kamwa mwake. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe.

Nana anamupatsa madzi a m'thanki. Litiana anathirira mtengo wake pang'onopang'ono, ndipo dothi la paphiri linamwa madzi onse.