Madzi a Lachitatu

Lusungu amakhala ku Msongwe. Ali ndi kadimba kakekake. M'kadimbamo anabzalamo matimati.

Koma dzuwa la chaka chino, eee! Matimati a Lusungu anayamba kufota.

Kumtunda kwa madimba kuli damu lakale. Ndi lakale kuposa adada ake a Lusungu. Madzi a m'damumo amatsika m'ngalande. Banja lililonse lili ndi tsiku lake lothirira. Tsiku la kwa a Lusungu ndi Lachitatu.

Lachitatu linafika. Lusungu anadikira madzi. Anadikira, anadikira. Madzi osabwera!

"Mayo ine, matimati anga afa!" anatero Lusungu.

Anatsatira ngalande ija. Anayenda, anayenda. Kenako anapeza kamtsikana kachilendo. Kanali katatseka ngalande ndi matope. Madzi onse ankalowa m'dimba la kwawo.

"Iwe! Lero ndi tsiku lathu!" anakuwa Lusungu.

Mtsikanayo anatembenuka.

"Pepa. Ndine Pilirani. Tabwera kumene kuchokera ku Balaka. Kwathu madzi ukawaona, umatunga msanga. Mawa sakhalapo."

Lusungu anayang'ana dimba la Pilirani. Mpiru wake unali wofota nawonso. Mkwiyo wonse unatha. Anamumvera chisoni.

"Tiye ndikakuonetse," anatero Lusungu.

Anakwera mtunda limodzi. Anafika padamu. Madzi anali ndendende! Pilirani anangoti kukamwa yasa.

"Waona? Madzi a kuno sathawa," anatero Lusungu. "Timangopatsana masiku."

"Koma ife tilibe tsiku," anatero Pilirani.

Lusungu anathamangira kwa adada ake.

"Adada, Pilirani alibe tsiku. Tingamugawire lathu?"

Adada anaseka.

"Iwe mwana iwe! Nanga matimati ako?"

"M'mawa tizithirira ife. Masana azithirira iwo."

"Chabwino, mwana wanga," anatero adada. "Tiyeni titsekule."

Onse atatu anachotsa matope aja. Madzi anathamanga m'ngalande. Lusungu ndi Pilirani anathamanga nawo. Madzi analowa m'matimati. Dothi linamwa, linamwa.

Masana anatsekulira dimba la Pilirani. Mpiru nawo unamwa, unamwa.

"Kuno mumathokoza bwanji?" anafunsa Pilirani.

"Timati yewo chomene."

"Yewo chomene, Lusungu!"

M'mawa mwake Lusungu anathamangira kudimba. Anawerama. Anayang'anitsitsa.

"Adada, bwerani mudzaone! Matimati anga adzuka! Onse adzuka!"