Kanyerere ndi Chidole Chosaima

Uyu ndi Kanyerere. Ndi mng'ono wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Timamutcha Kanyerere chifukwa sakhala pansi. Amathamanga. Amatola mabatani. Amatola tizingwe. Zonse amakokera kunyumba.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna chidole.

Osati chidole wamba ayi. Ankafuna cha tsitsi lalitali. Cha miyendo italiitali. Cha nsapato za gogoda.

Zidole zimenezi zinali ponseponse mumsewu mwathu. Mwana wa anesi anali nazo ziwiri. Mwana wa adalaivala anali nacho cha kachikwama. Mwana wa aphunzitsi anali nacho chopanda tsitsi. Akuti anachimeta yekha. Koma musauze munthu.

Kanyerere analibe. Ankangoima pageti. Ankangoyang'ana.

Ine za zidole ndinasiya kalekale. Ine ndimangoona. Ndipo ndimangomva.

Amayi athu ndi atelala. Makina awo ali pakhonde.

Ababa amakonza nsapato. Benchi yawo ili pafupi ndi geti. Ababa sayamba kuyang'ana nkhope ya munthu. Amayamba kuyang'ana mapazi.

Ababa ali ndi lamulo lawo. Amati, "Pabenchi panga munthu sachoka wopanda nsapato."

Tsiku lina kunabwera alonda a kusukulu. Mwendo wawo umodzi ndi waufupi. Ababa anajambula phazi lawo papepala. Anadula mphira. Anaiika pansi pa chidendene. Alonda anachoka akuyenda bwinobwino.

Kanyerere anaona zonse. Anatolanso tizidutswa ta mphira.

Lachitatu kunabwera azakhali. Azakhali ndi achemwali awo a ababa. Amagwira ntchito musaluni. Akamabwera, nsapato zawo zimalira. Kho! Kho! Kho!

Azakhali ananyamula bokosi.

"Kanyerere, tabwera kuno, mwana wa achimwene," anatero azakhali.

Kanyerere anatsegula bokosi. Anatsegulanso pakamwa.

Munali chidole!

Tsitsi linali lalitali. Milomo inali psuu. Kasiketi kanali kakang'ono, ngati kanatsala podula. Mchombo unali pamtunda. Kumapazi kunali gogoda.

"Zikomo, azakhali! Zikomo! Zikomo!"

Masana amenewo Kanyerere anasintha. Anagwira m'chiuno. Anakweza mphuno. Anayamba kuyenda monyang'ama, ngati chidole.

Anzake anamuitana. "Kanyerere, tiye tikasewere mpira!"

"Ayi," anatero Kanyerere. "Madona sathamanga."

Ababa anamva. Anaika hamala pansi.

"Wati chiyani?"

"Madona sathamanga, ababa."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ndaonera chidole."

Ababa anatenga chidole. Anayamba kuyang'ana mapazi. Kenako anayang'ana siketi. Kenako anayang'ana azakhali.

"Achemwali, munthu uyu akupita kuti? Kudansi?"

"Aa, achimwene! Ndi fashoni."

"Fashoni ya mchombo pamtunda?"

"Ndi chidole chabe. Ana onse ali nazo."

"Ana onse si anga," anatero ababa. "Wanga ndi uyu. Dzulo amathamanga. Lero akuti madona sathamanga."

Amayi anapitiriza kusoka. Koma khutu linali kuno. Ine ndimawadziwa.

Ababa anaimika chidole patebulo. Anachisiya.

Khu! Chinagwa.

Anachiimikanso.

Khu! Chinagwanso.

"Mwaona?" anatero ababa. "Sichitha n'kuima komwe. Chidole ichi si cha ana. Loweruka mudzachitenge, achemwali. Mudzabwere ndi bokosi lake."

Azakhali anatenga bokosi. Anapita. Kho! Kho! Kho! Sanatsanzike n'komwe.

Kanyerere sanalire.

"Ababa," anatero, "nanga chikavala bwino?"

"Chikavala bwino, ndiye chiyani?"

"Nanga chikaima chokha? Chikhala?"

Ababa anaseka. "Chikavala bwino, chikaima chokha, chikhala."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Kanyerere anawerenga masiku ndi zala. Lachinayi. Lachisanu. Loweruka. Zala zitatu basi.

Lachinayi Kanyerere analowa pansi pa makina a amayi. Anatola nsalu yabuluu. Anatola nsalu ya maluwa. Anatola batani limodzi.

"Amayi, ndisokereni diresi."

"Telala sasoka asanayeze," anatero amayi. "Yeza kaye."

Kanyerere anatenga tepi. Anayeza mapewa. Anayeza m'chiuno.

"Amayi, m'chiunomu mulibe kanthu. Chakudya chimalowa pati?"

Amayi anaseka mpaka anagwetsa sizasi.

"Ndi pulasitiki, mwanangu. Munthu weniweni sakhala choncho. Iwe uzidya."

Amayi anadula. Amayi anasoka. Kanyerere anagwira ulusi.

Diresi inafika m'maondo. Inali ndi kolala. Inali ndi thumba.

"Thumbalo n'la chiyani?" ndinamufunsa.

"N'lotolera zinthu, asisi," anatero Kanyerere.

Ndiye chidole chinavala bwino. Kunatsala kuima.

Kanyerere anachivula gogoda zija. Anaimika chidole patebulo.

Khu!

Anayang'ana mapazi. Zidendene zinali m'mwamba. Zala zinali pansi. Chidole chinali chonyang'amabe.

Kanyerere anakanikiza mapazi ndi chala. Sanawongoke.

Anawaviika m'madzi ofunda. Sanawongoke.

Anawatsindira ndi buku langa la masamu. Sanawongoke. Buku langa ndiye linanyowa.

"Iwe, zisiye," ndinatero. "Chinabadwa choncho."

Lachisanu nkhani inali itamveka mumsewu monse. Sindikudziwa anainena ndani. Mwina ndine. Ndinangouza mnzanga mmodzi.

Mwana wa anesi anabwera pageti. Ananyamula zidole zake ziwiri.

"Akuti chako chikubwerera mawa," anatero. "Pepa. Uzingoonera zanga."

Kanyerere anakhala pansi. Inde, Kanyerere anakhala pansi!

Anapisa dzanja m'thumba. Munali mabatani. Munali tizingwe. Munali kachidutswa ka mphira.

Anakayang'ana kamphira. Anayang'ana phazi la chidole. Anakayang'ananso kamphira.

Kenako anadzuka.

Pabenchi ya ababa panali mzere. Kutsogolo kunali amayi ena a silipasi yoduka. Kumbuyo kunali abambo ena a jombo. Kanyerere anaima kumapeto.

Anadikira. Anadikira. Anadikirabe.

Amayi aja anapita. Abambo aja anapita.

"Wotsatira!" anatero ababa, osadzutsa mutu.

Kanyerere anakhazika chidole pabenchi.

"Ababa, ndabwera ndi kasitomala."

Ababa anadzutsa mutu. Anayang'ana mapazi a chidole. Analibe nsapato.

"Iwe, pano si posewerera."

"Ndikudziwa. Koma wakhala kale pabenchi."

"Ndiye?"

"Pabenchi panu munthu sachoka wopanda nsapato."

Pakhonde makina anasiya kulira. Amayi anatsokomola. Si chifuwa ayi. Ankabisa kuseka.

Ababa anakanda mutu. "Uyu si munthu."

"Lachitatu munati, 'Munthu uyu akupita kuti?' Asisi anamva."

Ababa anandiyang'ana. Ine ndinangoti, "Ndinamva ndithu."

Ababa anatenga chidole. Anagwira phazi. Analitembenuza.

"Phazi ili siliwongoka," anatero.

"Musaliwongole," anatero Kanyerere. "Muike mphira pansi pa chidendene. Ngati mmene munachitira ndi alonda."

Anatulutsa kamphira kaja. Anakaika pabenchi.

Ababa anayang'ana kamphira. Anayang'ana Kanyerere.

"Unaona zimenezo?"

"Ndinaona."

"Bweretsa pepala," anatero ababa.

Ababa anajambula phazi. Phazi linali laling'ono ngati chala. Pensulo inali yaikulu kuposa phazi.

Anadula chikopa. Anadula mphira. Anapaka guluu. Anadula soli yotakata.

Kanyerere anagwira ulusi.

Ababa ankadandaula. "Zaka zonsezi ndasoka nsapato za anthu. Lero ndikusokera pulasitiki." Koma manja sanasiye. Lilime linali panja. Ababa akatulutsa lilime, ndiye kuti ntchito yawakomera.

Nsapato yoyamba inakula. Anaiphwasula. Anayambiranso.

"Guluu aume kaye," anatero ababa. "Osachiimika mpaka mawa."

Loweruka m'mawa tinamva phokoso pageti. Kho! Kho! Kho!

Azakhali analowa ndi bokosi. Nkhope inali ndwii.

"Ndabwera kudzatenga katundu wanga," anatero.

"Khalani pansi kaye, alamu," anatero amayi.

Kanyerere anabweretsa chidole. Chinavala diresi yabuluu. Chinavala tijombo takuda.

Tonse tinazungulira tebulo. Pazenera panali mitu itatu. Mwana wa anesi. Mwana wa adalaivala. Mwana wa aphunzitsi. Sindikudziwa anawaitana ndani.

Kanyerere anaimika chidole. Anachigwira ndi manja awiri.

Anachotsa dzanja limodzi.

Anachotsa dzanja lina.

Chidole chinaima.

Chinaima chilili. Chinaima njii!

Ababa anagogoda tebulo ndi chala. Chidole sichinagwe.

Anagwedeza tebulo pang'ono. Chidole sichinagwe.

"Chaima!" anakuwa Kanyerere. "Chaima chokha! Ababa, chikhala?"

"Ndinalonjeza," anatero ababa. "Chikhala."

Azakhali ananyamula chidole. Anayang'ana diresi. Anayang'ana tijombo.

"Achimwene, mwandiphera fashoni," anatero.

"Koma chaima," anatero ababa.

Azakhali anabweza chidole patebulo. Kenako anavula gogoda yawo imodzi. Anasisita phazi.

"Inetu izi zimandipweteka," anatero chapansipansi. "Mungandisokere ngati za chidolezi?"

"Khalani pabenchi," anatero ababa.

Amayi anaseka. Azakhali anaseka. Ababa anayesa kukwinya nkhope. Zinawakanika.

Kunja ana anaitana. "Kanyerere, tiye kumpira!"

Kanyerere anaika batani m'thumba la chidole. Anachipanira m'khwapa.

"Nanga madona amathamanga?" anafunsa ababa.

"Uyu ali ndi jombo," anatero Kanyerere. "Athamanga."

Ndipo anatuluka liwiro. Fumbi lokhalokha.

Lolemba pabenchi ya ababa panali mzere wautali. Mwana wa anesi anali ndi makasitomala awiri. Mwana wa adalaivala anali ndi mmodzi. Mwana wa aphunzitsi anali ndi wometa uja.

Onse anali opanda nsapato.

Ababa anagwira kumutu. "Kanyerere! Taona zimene wandichita!"

"Wotsatira!" anatero Kanyerere.

Pakhoma ababa amapachika mapepala a mapazi a makasitomala awo. Pali phazi la alonda. Pali phazi la azakhali. Pakati pali kaphazi kakang'ono ngati chala.

Ababa amati anakapachika amayi. Amayi amati anakapachika ababa.

Ine ndinaona amene anakhoma msomali. Anali atatulutsa lilime.