Mawu Otuluka M'masipika

Kalipentala ndi mkazi wake, amene anali telala, ankakhala mokoma moti aneba ankachita nawo kaduka. Mwamuna ankapala matabwa kuseri kwa nyumba, mkazi akupalasa makina pakhonde, ndipo masana ankadyera m'mbale imodzi uku akuseka. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi wapasukulu, komanso galimoto yakale imene Kalipentala anasiyiridwa ndi malemu bambo ake. Penti inali itasuwa, chitseko chakumbuyo chinkafuna chibakera kuti chitseguke, koma wayilesi inali yomwe ija galimoto inabwera nayo, ya makaseti.

“Bambo a mwana, makaseti anatha kalekale,” anatero mkaziyo tsiku lina. “Nyimbo zanga zakwaya zonse zili m'foni. Tigule wayilesi ina.”

“Wayilesi imeneyo ankaitsegula ndi bambo anga. Sichoka.”

Amene anawayanjanitsa anali mnyamata wa zamagetsi pagalaja, amene onse ankangomutchula kuti Mawaya. Iye anamasula dashibodi, nasolola wayilesiyo bwinobwino, kumbuyo kwake n'kulumikizako kabokosi kochepa ngati ka machesi. Kamaikolofoni anakamata pafupi ndi galasi loonera kumbuyo.

“Aka ndi ka bulutufu, bwana. Wayilesi yanu sindinaiwononge. Foni ikalumikizidwa kamodzi, kamaikumbukira. Mukangoliza injini kamaigwira kokha, ngakhale foniyo ili m'nyumba.”

Pobwerera kunyumba nyimbo zakwaya zinadzaza galimoto yonse, mkazi akuyimba nawo, mwamuna akuwomba chiwongolero ndi zala.

Pasanapite nthawi kunabwera mlongo wake wa Kalipentala kudzakhala nawo, poti mwamuna wake anali atapita kukagwira ntchito kunja. Ankadziwa kuyendetsa, ndiye ankathandiza mlamu wake kukapereka madiresi kwa makasitomala. Makiyi ankangokhala pa msomali, wofuna n'kutenga.

Tsiku lina munthu wodzatenga mipando ananena akumanga katundu wake: “Galimoto yanu ija ndimaiona masana kuseri kwa nyumba yogona alendo. Pambali pake pamakhala njinga yamoto ya Mawaya. Koma ine sindinanene kanthu.”

Kalipentala anasiya ntchito pomwepo. Anaitanira mlongo wake kuseri.

“Chemwali, galimoto imapita kuti masana?”

“Ine ndimangofika kumsika, achimwene,” anayankha akuyang'ana pansi. “Zinazo funsani alamu. Si iwo amapitapita kugalaja?”

Nsanje ili ngati chiswe m'thabwa: kunja penti imawala, m'kati mutatha. Kuyambira pamenepo Kalipentala ankayeza chilichonse cha mkazi wake ngati akuyeza thabwa lopindika. Akadzola mafuta, adzolera ndani? Akayimba, wakondwa n'chiyani? Akakhala chete, akuganiza za yani?

“Kugalaja kuja mumakatani?” anamufunsa atamutsekera kuchipinda.

“Ndinakuuzani kuti masipika akulira ngati udzudzu ndikaponda moto. Munati mulibe nthawi, ndipite ndekha.”

“Nanga kunyumba ya alendo nakonso kuli masipika?”

“Nyumba ya alendo iti? Bambo a mwana, mwayamba kundiyesa hule tsopano?”

Khofi linamugwetsera pabedi. Aka kanali koyamba kumuyika dzanja chikwatiraneni. Mkaziyo sanathawire kwawo. Anati n'zakanthawi, mwamuna wake si wotero. Mlongo uja anamva zonse ali pabalaza, koma pakamwa anatseka.

Tsiku latsokalo linali lowala bwino. Mwana atapita kusukulu, Kalipentala anapakira mafelemu a zitseko pamwamba pa galimoto, nalowa, naliza injini. Wayilesi inalira kamodzi, kusonyeza kuti yagwira foni. Kenako m'masipika monse munatuluka mawu a mwamuna, ndipo anawazindikira pomwepo. Anali a Mawaya.

“Halo, wokondedwa, bwanji wangoti zii? Bwera ndi galimoto pamalo pathu paja. Usaope, mkulu uja sadziwa kanthu, angodziwa matabwa basi.”

Kalipentala sanazime n'komwe injini. Anapisa dzanja pansi pa mpando, natulutsa sipanala ya matayala. Mkazi wake anamupeza kuchipinda atawerama, akusita yunifomu ina ya mwana.

“Ndiye ine ndine wa matabwa basi?”

“Mukunena chiyani?”

Sipanala inatera paphewa, fupa n'kumveka kuthyoka. Mkaziyo anagwa pamodzi ndi ayironi, nakwawira kuchitseko akutchinga mutu ndi mkono wotsalawo.

“Mukundipheranji, bambo a mwana? Ndalakwa chiyani?”

Anamukoka tsitsi, namumenyanso kukhosi, kenako m'mutu, mobwerezabwereza, mpaka dzanja limene linkamugwira mwendo lija linafooka. Magazi anafika pakhoma ndi pa zovala zositasita. Atasiya, akupuma mwawefuwefu, anaona foni ya mkazi wake ili patebulo, batire itachotsedwa chifukwa inali itagwera m'madzi dzulo lake.

Chitseko cha chipinda cha mlongo wake chinatseguka. Anatuluka atavala zoyendera, foni ili pakhutu, akunong'ona kuti, “Halo? Sindikukumva.” Panja, kudzera pawindo, mawu a Mawaya ankamvekabe m'galimoto akumuitana.

Awiriwo anayang'anana. Mlongoyo ataona zimene zinali pansi, anakuwa mpaka aneba anathyola geti. Kalipentala anakhala pansi m'magazimo, nanyamula mutu wa mkazi wake n'kuuyika pamiyendo pake. Apolisi anamupeza ali chomwecho, akumupukuta kumaso ndi malaya ake.

M'khoti Mawaya anavomera kuti foni ya mlongoyo anailumikiza ndi iye mwini, tsiku limene chibwenzi chawo chinayamba. Mlongoyo anapereka umboni akulira, kuti analoza mlamu wake poopa kuti banja lake litha. Woweruza anamuuza kuti lamulo lilibe ndende ya lilime lotero, koma adzayenda nalo mpaka kumanda. Atatero anatembenukira kwa Kalipentala.

“Ngakhale mawu amenewo akanakhala a mkazi wako, sipanala siweruza mlandu. Khomo linali lotsegula, ukanatha kutuluka. Ukakhala kundende moyo wako wonse.”

Mwana anatengedwa ndi akuchikazi, ndipo anakana kukaona bambo ake. Kundende Kalipentala anamuyika kogwira ntchito zamatabwa, ndipo akaidi anzake amati luso lake silinathe, koma samayankhula. Munthu wansanje amafunsa kwa wodutsa, amafunsa kwa mbale wake, onse n'kuwakhulupirira, koma amene amagona naye pabedi limodzi akanena zoona amamutsekera makutu. Kalipentala anazidziwa zimenezi mochedwa, mkazi wake ali kale m'bokosi limene anakhoma munthu wina.