Tisheti Imene Wakuba Anaisiya

Wakubayo analowa pabwalo Lachiwiri masana, dzuwa lili paliwombo, ana ali kusukulu, akuluakulu ali kuntchito. Geti silinalire. Galu wa alandilodi, yemwe ntchito yake ndi kudya basi, sanadzutse n'komwe mutu. Munthuyo anayenda motsatira waya woyanikira zovala kuyambira pampopi mpaka kumpanda, akusankha mosathamanga ngati ali m'shopu. Mapegi anawabwezera pawaya mwaulemu. Kenako anapita.

Woyamba kukuwa anali Anesi, atangofika kuchokera kuntchito kwawo kuchipatala.

"Mayo ine! Za kankhanga zanga!"

Pabwalopo panali nyumba zalendi zoyang'anizana, mpopi umodzi ndi waya umodzi, ndipo chaka chimenecho aliyense anali atapenga nazo zovala za kankhanga. Dzina la kampani yake palibe ankavutika nalo. Onse ankangoti za kankhanga, chifukwa cha kambalame ka mawangamawanga kosokedwa pachifuwa. Anali matisheti, majinzi, makabudula, zovala zoti munthu atchene Loweruka popanda kuoneka ngati akupita kukafunsira ntchito. Anesi ankati nsalu yake imapuma, munthu sumata nayo thukuta. Aphunzitsi ankati mtengo wake ndi wolaula, koma ankagulabe, ati kolala yake siifooka ngakhale uichape chaka chonse. Alandilodi ankadandaula kuti matumba a jinzi ndi osaya, foni imangosuzumira kunja. Mikangano yotereyi ndi imene inkakometsa madzulo pampopi, ndipo palibe ankapita kukagona atakwiya.

Tsiku limeneli anthu anaunjikana pawaya, manja ali m'chiuno. Matisheti a Anesi anapita onse. Jinzi ya Aphunzitsi inapita pamodzi ndi malaya a kolala yosafooka aja. Koma mayunifolomu a ana, matawulo ndi masokosi zinali lendelende m'malo mwake.

Ndipo pakati penipeni, uku mapegi opanda kanthu, uku mapegi opanda kanthu, panatsala tisheti imodzi yachikasu, kankhanga kake kali pachifuwa. Inali ya Amake Mapasa, mayi woluka tsitsi pasaluni ya kumsewu.

"Mulungu ndi wabwino," anatero akuianula.

"Koma ndiye mwayi," anatero Anesi. "Kapena mwina wakubayu amadziwa nsalu."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Palibe, anzanga. Ndangoti munthu wakokolola za kankhanga zonse n'kusiya imodzi. Paja za feki zachuluka masiku ano."

Wina anatsokomola pobisa kuseka. Amake Mapasa anachita manyazi.

Tishetiyo sinali tisheti wamba. Anawagulira ndi amuna awo pa tsiku lawo lobadwa. Bambo a mapasa anali munthu wowotcherera zitsulo, wa mawu ochepa, manja ali zipsera zokhazokha, ndipo m'mashopu a magalasi sankalowamo. Koma tsiku limenelo anabwera ndi kajumbo, n'kunena kuti agula kushopu kwenikweni, m'tauni. Mkazi wawo anaivala nthawi yomweyo n'kuyamba kudutsadutsa pabwalo ngati ali ndi chokatenga kumpanda.

Madzulo, ana atatuluka kukasewera, funso linagwa patebulo.

"Bambo a mapasa, tisheti ija munaigula kuti?"

"Kushopu kwawo. Ndinakuuzani."

"Nanga wakuba waisiyiranji?"

"Kam'funseni wakubayo," anayankha bamboyo, n'kupitiriza kudya.

Iwo ankanena mocheza. Mkazi wawo sanamve zocheza. Chimene chinkawawawa Amake Mapasa sichinali nsalu ayi. Feki akanavala ndithu, bola akanauzidwa kuti ndi feki. Koma kunamizidwa ndi mwamuna amene sanawanamizepo, n'kumadzionetsa pabwalo ngati chitsiru anthu akuseka kumbali, chimenecho ndiye chinawakhala pakhosi. Tishetiyo anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. M'mawa tiyi anangomuika patebulo popanda mawu.

Lachitatu Anesi ndi Aphunzitsi anapita kupolisi. Amake Mapasa anawatsatira. Anapeza a Sajeni, bambo wa ndevu zaimvi, wolankhula ngati mawu amagula.

"Inu akuberani chiyani, mayi?"

"Sanandibere."

"Ndiye?"

"N'chimene chandibweretsa."

A Sajeni anawayang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Anati madandaulo otere afika kale kuchokera m'mabwalo ena. Wakuba ndi mmodzi, amaba masana, ndipo amatenga za kankhanga zokhazokha.

"Sindikumudabwa," anatero. "Inenso ndili nayo yobiriwira. Yolimba, koma manja ake ndi aafupi. Mukaona chilichonse mutitsine khutu."

Anesi ndi Aphunzitsi anabwerera kwawo kukadikira. Amake Mapasa sanali munthu wodikira. Usiku wonse mutu unali ukuyenda. Munthu mmodzi sangavale zovala za mabwalo onsewo, ndiye kuti akugulitsa. Ndipo wogulitsa zovala zochapidwa kale sapita nazo kutali.

Lachinayi masana anasiya kasitomala m'manja mwa mnzawo, mutu uli theka, n'kulunjika kumsika. Anayenda mzere wonse wa zovala, benchi ndi benchi. Chakumapeto, pafupi ndi ogulitsa nsapato, anthu anali atazungulira benchi ina ngati pagwa ngozi.

"Izi ndiye zenizeni," ankatero mayi wina, akukoka tisheti uku ndi uku. "Onani, ikubwerera yokha."

"Mitundu yake ndi yomweyomweyo chaka chilichonse," anatero bambo wina. "Koma kulimba kokha, ayi, sindingatsutse."

"Kushopu sindingaifike. Pano bola."

Amake Mapasa anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Anatola tisheti yoyera. Pamapewa panali timizere ta mapegi. Anaifikitsa pamphuno. Fungo limenelo pabwalo ponse ankalidziwa. Anesi ankathira mankhwala a kuchipatala m'madzi ochapira, moti zovala zawo zinkanunkhira ngati wodi ya amayi oyembekezera. Pansi pake panali malaya a kolala, thumba lake lili ndi kadontho ka inki yofiira yochongera mayeso.

Sanakuwe. Anafunsa mtengo, n'kudandaula kuti wakwera monga amachitira aliyense, kenako anazemba kuseri kwa nsapato n'kuimba foni.

A Sajeni anafika atavala wamba, ali ndi wapolisi wamkazi wamtali. Mayi wa pabenchi atangoona chitupa, anayamba kudzikanira.

"Ine ndimangogula, bwana."

"Kwa ndani?"

"Kwa mkulu wina wake."

"Mkulu wina wake ali ndi nkhope. Kapena tikakambirane kuofesi?"

"Wogula mabotolo, bwana! Amaziika pansi pa thumba, mabotolo pamwamba. Abweranso mawa m'mawa."

Amake Mapasa anagwira pakamwa. Wogula mabotolo! Munthu waulemu uja, wopereka moni chipewa chili m'manja, amene galu wa alandilodi ankamugwedezera mchira. Iwo omwe anam'patsapo madzi akumwa m'kapu yawo ya alendo.

"Katunduyu tikutenga," anatero a Sajeni. "Inu mawa mutsegule benchi ngati palibe chachitika. Mukam'tsina khutu, mlandu wonse ndi wanu."

Lachisanu m'mawa msika unadzaza msanga. A Sajeni anakhala pa mpando wa wopolisha nsapato, nyuzipepala ili kumaso. Wapolisi wamkazi ankayesa masilipasi amene sankafuna kugula. Anesi, amene dzulo lake anakazindikira katundu wawo kupolisi, anabwera kudzaonerera. Amake Mapasa anaima kuseri kwa madiresi olendewera, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Anayamba kumveka ndi mabotolo, ngwerengwere, kenako njinga inatulukira. Mkuluyo anaiimika, n'kuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Lero ndabweretsa zabwino."

Maso a mayi wa pabenchi anathawira kwa wopolisha nsapato. Mkuluyo anatsatira masowo, n'kuona nyuzipepala ikutsika. Basi, analiyatsa liwiro. Njinga inagwa, thumba linaphulika, mabotolo anamwazika msewu wonse. Sanapite patali. Anaponda botolo limodzi, miyendo inapita kumwamba, ndipo asanadzuke wapolisi wamkazi anali atam'khalira kale pamsana. Unyolo unalira.

Pansi pa thumbalo munali makabudula ndi matisheti a pabwalo lina, akadali achinyezi.

"Tiyeni," anatero a Sajeni.

"Dikirani kaye!"

Amake Mapasa anatulukira m'madiresi muja, akukankha anthu ndi zigongono. Anatsegula chikwama n'kutulutsa tisheti yachikasu.

"A Sajeni, ndim'funse funso limodzi lokha."

A Sajeni anapumira m'mwamba. "Funsani."

"Iwe, iyi ukuidziwa?"

Mkuluyo anaiyang'ana, n'kugwedeza mutu. "Ya pakati pawaya paja."

"Ndi yeniyeni kapena ndi feki? Unene zoona, wagwidwa kale."

Mkuluyo anatambasula manja ake omangidwawo, n'kuilandira mosamala ngati mwana wakhanda. Anatembenuza mpendero, n'kuyendetsa chala pamsoko. Anayang'ana kankhangako kuseri kwake.

"Orijino, mayi. Onani msoko wake, ndi wapawiri. Za feki kambalameka amangomata, aka n'kosoka. Pawaya ponse paja panalibe yoposa iyi."

"Nanga unaisiyiranji?"

Mkuluyo anawayang'ana Amake Mapasa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anayang'ana a Sajeni.

"Ndinene, bwana?"

"Nena."

"Saizi, mayi. Ndinaitambasula, ndinaona kuti imeneyi ndiyenda nayo mpaka chaka chamawa osapeza woti im'kwane."

Msika wonse unaphulika. Wopolisha nsapato anagwetsa burashi. Ngakhale a Sajeni anabisa ndevu zawo m'nyuzipepala. Paja sitinanene. Amake Mapasa anali mayi wa thupi lawo, oti akaima pakhomo mphepo imayamba yapempha njira, ndipo thupilo sanachitepo nalo manyazi. Woseka kwambiri pamsikapo anali iwowo, misozi ili mbwembwembwe.

"Bwereza!" anakuwa. "Osati za saizizo. Zoyamba zija. Bwereza kuti Anesi amve!"

"Orijino, mayi."

"Ndamva, anzanga, ndamva," anatero Anesi, akudziphimba kumaso ndi chitenje chawo chonunkhira mankhwala. "Pakamwa pangapa padzandiphetsa."

Mlanduwo sunavute. Patapita masabata angapo mkulu wa mabotolo anavomera zonse pamaso pa woweruza, ndipo anam'tumiza kundende chaka chathunthu. Mayi wa pabenchi analipitsidwa chindapusa chifukwa cholandira katundu wakuba. Koma zimenezo zinabwera pambuyo.

Tsiku lomwelo la Lachisanu, Amake Mapasa anavalira tishetiyo kuseri kwa madiresi omwe aja, n'kuyenda wapansi mpaka kushedi kumene amuna awo ankagwira ntchito. Msewu wonse ankaona ngati ndi wawo. Anawapeza atawerama pa geti lachitsulo, moto ukuthetheka. Bamboyo anazimitsa makina n'kukweza chophimba kumaso.

"Bambo a mapasa! Am'gwira! Ndi wa mabotolo uja. Ndipo ndam'funsa pamaso pa anthu onse. Akuti ndi orijino, yoposa zonse pawaya paja!"

"Watero wakubayo?"

"Ee!"

"Ndipo mwakhulupirira."

"Nanga si iyeyo amadziwa nsa..."

Mawuwo anathera pakamwa. Bamboyo anavula magolovesi pang'onopang'ono, n'kuwaika pa benchi. Sanakweze mawu. Sankadziwa n'komwe kukweza mawu.

"Ndinalowa m'shopu muja ndi ovololo yangayi," anatero. "Mlonda ankanditsata pambuyo ngati ndabwera kudzaba. Saizi yanu kunalibe, anachita kuitanitsa. Nditapita kukaitenga, mlonda yemwe uja ananditsatanso. Ine ndinakuuzani Lachiwiri lomwe lija kuti ndinagula kushopu. Koma mpaka anene ndi munthu wa unyolo m'manja."

Amake Mapasa, amene pamsika ponse palibe akanawatseka pakamwa, anazyolika. Manyazi anawagwira, enieni, oposa a pawaya aja. Anayang'ana manja a zipsera aja, n'kuyang'ana pansi.

"Pepani, bambo a mapasa. Ndinalakwa."

Bamboyo anawayang'ana kanthawi. Kenako kukamwa kwawo kunayamba kugwedera, monga kumachitira akamalimbana ndi kumwetulira.

"Koma ikukukhalani," anatero. "Sunthirani uko, moto ungaiboole. Kushopu kuja ine sindibwererakonso."

Amake Mapasa anasunthira pamene anawalozera, n'kukhala pa chitini cha penti. Kusaluni kasitomala anali akudikira, koma sanapiteko. Anakhala pomwepo mpaka getilo linatha, ndipo kunyumba anabwerera limodzi.