Mvula ya Chemusa

Mvula inagwa ngati yachita kutumidwa pa siteji ya Chemusa masana amenewo. Ruqaya anausa pakhonde la golosale, chikwama cha laputopu atachikumbatira pachifuwa, foni ikunjenjemera m'manja osapuma. Iye ndiye anayambitsa gulu la pa WhatsApp lothandiza anthu ongoyamba kumene kugwiritsa ntchito Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta. Anthu mazana atatu, mafunso mbwee, woyankha iye yekha!

"Achemwali, foni imeneyo ikuphulikirani m'manja," anatero mnyamata wamtali amene anaima pambali pake.

"Ikaphulika ndiye ndipuma," anayankha Ruqaya osamuyang'ana.

Koma mnyamatayo ataseka, Ruqaya anadzutsa maso. Dzina lake anali Yusuph, wa ku Bangwe, wogulitsa nsalu m'sitolo ina ku Limbe. Atamva za gululo anati, "Mundilowetsemo, ndizikuthandizani."

"Linux mumaidziwa?"

"Ayi. Koma kulandira alendo ndimatha, ndipo kumwetulira kwanuku ndingakuphunzirire chilichonse."

Pakamwa pa munthu ameneyu, inu! Maminibasi atatu a ku Chilomoni anadutsa, Ruqaya osakwera.

Pasanathe mwezi Yusuph anali adimini wachiwiri. Ankalonjera obwera kumene ndi kuwakumbutsa lamulo la Ruqaya: ukafuna thandizo, tsegula windo lakuda lija lotchedwa teminali, lemba zimene wauzidwa, kenako jambula sikirini yonse, osadula chithunzi. Koma iye mwini windo lakudalo ankaliopa ngati maliro.

M'mawa uliwonse foni ya Ruqaya inkayamba ndi uthenga wake. "Wadzuka bwanji, nyenyezi yanga? Anthu mazana atatu akufuna mayankho, ine ndikufuna iwe."

Ndani sangagwe?

Loweruka lina Ruqaya anatenga laputopu yake yakale, imene anaphunzirirapo zonse, nakaikamo Linux pamaso pa Yusuph kuti ikhale yake. Pulogalamuyo itafunsa dzina loti kompyutayo izidziwika nalo, Yusuph maso ake anali pa nkhope ya Ruqaya, osati pa sikirini.

"Idi ikangodutsa, amalume anga abwera kwanu ku Chilomoni," anatero. "Wallahi, Ruqaya, mkazi wanga ndiwe. Palibenso wina."

Ruqaya analemba mwakachetechete: mvula-ya-chemusa. Sanamuuze. Dzinalo limaoneka munthu akatsegula teminali, ndipo ankafuna kuti Yusuph adzalipeze yekha tsiku limene adzalimbe mtima n'kuyamba kuphunzira.

Anadikira. Foni ikalira ankathamangira, mwina lero waona! Koma ayi, anali wina wa ku Zingwangwa amene sipika zake sizikulira, kapena wa ku Machinjiri amene purinta yamukanika. Sabata, mwezi, miyezi itatu. Mtima wake sunkakhala m'malo.

Kenako Yusuph anaimba foni mawu ali gwagwagwa. "Nyenyezi yanga, andibera! Laputopu ija aisolola mu minibasi ku Limbe."

Ruqaya misozi inalengeza, komabe ndiye anayamba kumutonthoza. "Bola sanakuvulaze. Chitsulo n'chitsulo."

Idi inafika, inadutsa. Amayi ake a Ruqaya anasesa bwalo, anachapa makatani, alendo osaoneka. Amalume aja akuti anadwala. Atachira, akuti anapita ku Mangochi. Mauthenga a m'mawa anayamba kufupika, mpaka anangotsala "Bho?"

"Mwana wanga, anthu ako aja akubwera liti?" amayi anafunsa.

"Posachedwapa, amayi," anatero, akuyang'ana kukhoma.

Lachitatu lina m'mawa, Yusuph ali pa ntchito, Ruqaya analowetsa yekha mlendo m'gulu. Anali Safiya wa ku Ndirande, wophunzira za unamwino, amene anapatsidwa linki ndi mnzake wa m'kalasi.

"Salaam aleikum nonse," analemba Safiya. "Intaneti yasiya kugwira pa laputopu yanga. Ine za Linux sindidziwa, anangondipatsa ndi amene akufuna kumanga nane ukwati wa nikah mwezi wamawa. Ndikuopa kumuuza, angati ndaononga mphatso."

"Musadandaule, asisi, tonse tinayamba choncho," anayankha Ruqaya. Anamuuza mmene angatsegulire teminali ndi mawu oti alembe. "Mukatero jambulani ndi foni sikirini yonse. Osadula."

Chithunzi chinabwera. Ruqaya anachikuza ndi zala ziwiri, monga ankachitira kambirimbiri tsiku lililonse. Chithunzi cha kumbuyo chinali chatsopano, cha maluwa ofiira. Koma pa windo lakudalo, kumayambiriro kwa mzere, zilembo zobiriwira zinali phee: mvula-ya-chemusa.

Mayo ine!

Anaimirira. Anakhala. Anatuluka panja, anabwereranso. Mwina Safiya kapena chibwenzi chakecho anagula kwa akuba? Inde, n'kutheka! Anthu amagula katundu wakuba osadziwa. Anagwira maganizo amenewo mwamphamvu, nalembera Safiya kumbali, osati pagulu.

"Asisi, pepani kufunsa. Amene anakupatsaniyo dzina lawo ndani?"

"A Yusuph, a ku Bangwe. Amagulitsa nsalu ku Limbe. Mukuwadziwa? Amalume awo anabwera kwathu Idi itangodutsa."

Amalume odwala aja! Ruqaya anakhala pansi penipeni, pa simenti yozizira, foni ili pamwendo.

Sipanapite nthawi Yusuph anaimba. Anali ataona dzina la Safiya pagulu.

"Ruqaya, mtsikana ameneyo mutulutse. Ndikufotokozera, ndi msuweni chabe, laputopu yake ndi ina…"

"Tsegula chithunzi chimene watumizacho," anatero Ruqaya. "Werenga zilembo zobiriwirazo."

Kenako anamva Yusuph akuwerenga pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani. "Mvula… ya… Chemusa. Unalemba liti zimenezi?"

"Tsiku limene unalumbira kuti palibenso wina. Ndinadikira miyezi yonseyi kuti ulione, Yusuph. Ukanangotsegula windo limenelo kamodzi kokha! Walitsegula ndi Safiya."

"Nyenyezi yanga, tamvera…"

"Nyenyezi uli nazo zingati?"

Anadula foni. Anamuchotsa pa u-adimini, anamutulutsa m'gulu. Zinamupweteka, osanama, zinamupweteka ngati wazulidwa dzino popanda jakisoni.

Koma funso la Safiya linali lisanayankhidwe, ndipo m'gulu la Ruqaya funso siligona. Anapukuta maso, anawerenganso chithunzi chija, napeza vuto. Kanali kanthu kakang'ono, intanetiyo inangozimitsidwa. Mizere iwiri yokha, zinatheka.

"Yagwira! Allah akudalitseni, asisi!" analemba Safiya kumbali kuja. "Koma simunandiyankhe. A Yusuph mukuwadziwa?"

Ruqaya sanamubisire. Anamuuza za siteji ya Chemusa, za lonjezo la Idi, za akuba a ku Limbe amene kunalibe, namutumizira mauthenga a Yusuph, athunthu, osadula.

Safiya anawerenga mauthengawo mpaka dzuwa linapendeka. Kenako analemba: "Inenso amanditchula nyenyezi. Ndawauza amayi, nikah kulibe. Laputopu yanu ndibweretsa mawa."

"Ayi, muli ndi mayeso, isungeni. Inu simunandilakwire."

"Ndiye ndithandizeni chinthu chimodzi, asisi. Dzina lili pa windo lakudali likundilasa mtima. Lingasinthike?"

Ruqaya analiyang'ana funsolo nthawi yaitali. Linali funso losavuta, loti analiyankhapo kambirimbiri kwa anthu osawadziwa. Analemba mzere wosinthira dzina la kompyuta, anauwerenga kawiri kuti usalakwike, nautumiza.

"Mukatero muzimitse, muyatsenso," anawonjezera. "Kenako jambulani sikirini yonse."

Chithunzi chinabwera. Zilembo zobiriwira zinati: safiya. Ruqaya analemba kuti "Mwakhoza, asisi," anaika foni chafufumimba pa simenti, nayamba kulira mokweza mpaka amayi ake anathamanga kuchokera kubwalo, tsache lili m'manja.